Phunziro 14: Madzi a M'tauni Amayambira Kuno Kumtunda

Tiyambe ndi kuwerenga mawu awa mokweza, kenaka tiwalembe m'makope mwathu: kasupe, matope, sefa, klorini, lamulo.

Ife a ku Kalomwe timakhala pamsana pa dziko. Mvula ikagwa pano, madzi ake amagawikana pawiri. Ena amatsikira mbali ya Dedza, nalowa m'mitsinje monga Linthipe, mpaka kukafika ku Nyanja ya Malawi. Ena amatsikira mbali yathu ya Angonia. Amakumana m'makwawa ndi m'madambo, nakathira mumtsinje wa Revubwe. Mtsinje umenewu umadutsa dera la Moatize nukalowa mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Pamene Angerezi ndi Apwitikizi ankagawana dziko mu 1891, anatsata msana womwewu polemba malire.

Tsono taonani. Madzi a pa kasupe wathu sanadutse pamudzi pa munthu wina. Koma madzi ochoka m'minda mwathu amadutsa midzi yambiri, ndipo ena amakathera m'mipopi ya m'tauni. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Chimene chatayidwa m'khwawa lero, mawa chili paulendo wa kumunsi.

Nanga kumunsiko kuli yani? Kuli ana athu amene akuphunzira kapena kugwira ntchito ku Moatize ndi ku Tete. Kuli odwala m'zipatala. Ifenso tikapita kukagulitsa mbatata ya kachewere ndi matimati, ludzu likatigwira timamwa madzi omwewo.

Lamulo la madzi akumwa

Pa 15 Sepitembala 2004 Unduna wa Zaumoyo unatulutsa lamulo la madzi akumwa. Dzina lake pa Chipwitikizi ndi Diploma Ministerial 180/2004. Lamuloli silingonena kuti madzi akhale abwino ayi. Limatchula miyeso ndi manambala, kuti wogulitsa madzi asamatsutsane ndi womwa madzi pongoyang'ana ndi maso. Miyesoyo ndi yambiri. Ife tione inayi yokha.

Woyamba ndi wa tizilombo ta m'matumbo, timene timatuluka ndi chimbudzi cha munthu kapena ndowe za ziweto. Woyeza amatunga madzi okwana mamililita 100, ngati theka la kapu ya tiyi. Ngati ndi madzi oyeretsedwa, m'madzi amenewo musapezeke kachilombo koteroko ngakhale kamodzi.

Wachiwiri ndi wa kuda kwa madzi chifukwa cha matope. Muyeso wake amautcha NTU. Lamulo limalola mpaka 5 basi. Madzi a mumtsinje, mvula yamphamvu ikangogwa, amatha kufika mazana angapo, nthawi zina kupitirira 1,000.

Wachitatu ndi wa klorini, mankhwala opha tizilombo. M'madzi oyeretsedwa muyenera kutsala klorini wapakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita imodzi. Miligalamu ndi kanthu kakang'ono zedi. Galamu imodzi ili ndi mamiligalamu 1,000. Titathira galamu imodzi ya klorini m'migolo 10 ya malita 200, ndiye kuti tafika kale pa muyeso wapamwambawo.

Wachinayi ndi wa mchere wina wotchedwa nitrato. Si mchere wa ndiwo ayi. Umachokera ku feteleza, ku ndowe ndi ku zimbudzi. Usapitirire mamiligalamu 50 pa lita.

Lamulo limafuna anthu oligwirira ntchito. Mu 1998 boma linakhazikitsa FIPAG kuti iyang'anire madzi a m'mizinda ikuluikulu, ndipo Tete ndi Moatize zinalowa m'manja mwake. Mu 2008 Vila Ulongwe inapatsidwa khonsolo yakeyake, imene timaitcha munisipiyo. Chaka chotsatira, mu 2009, kunabwera AIAS yoona za madzi a m'matauni aang'ono. Bungwe loweruza za mitengo ndi kagwiridwe ka ntchito ya madzi linayamba mu 1998 ndi dzina loti CRA, ndipo mu 2019 linasinthidwa kukhala AURA. Maina a mabungwe amasintha. Ntchito ya munthu woyeretsa madzi ndi yomweija: alandire madzi monga abwerera, awatulutse monga lamulo lifunira.

M'nyumba yoyeretsera madzi

Nyumba yoyeretsera madzi pa Chipwitikizi amaitcha ETA. Tiyeni tilowemo ndi maganizo, titsate madzi ochokera mumtsinje.

Poyamba madzi amadutsa pa zitsulo zolukana. Pamenepo pamatsala zinyalala zazikulu, monga mapesi, masamba ndi mapulasitiki. Matope amapitirira, chifukwa ndi osalala kwambiri. Dothi lina ndi losalala kotero kuti lingakhale m'madzi masiku ambiri osadikha.

Choncho ogwira ntchito amathira mankhwala otchedwa sulfato de alumínio, natakasa madziwo. Mankhwalawa amachititsa tinthu ta dothi kugwirana, nkukhala timibulu tolemera. Amayi amene anasinjapo nthangala za cham'mwamba nkuthira mumtsuko wa madzi akuda akudziwa kale zimenezi, pakuti nthangalazo zimagwira ntchito yofanana. Kenaka madzi amalowa m'thanki yaikulu momwe amayenda pang'onopang'ono. Timibulu tija timatsikira pansi. Madzi a pamwamba amapita ku sefa.

Sefa ya ku ETA si ya nsalu kapena ya waya. Ndi mchenga wosankhidwa bwino, woyalidwa pamwamba pa timiyala. Madzi amalowa pamwamba natulukira pansi. Mchenga umagwira dothi lotsala pamodzi ndi tizilombo tambiri.

Kodi mchenga ungapulumutsedi anthu? Mu 1892 kolera inabuka mumzinda wa Hamburg ku Germany. Mzindawo unkapopa madzi mumtsinje wa Elbe nkuwatumiza m'mipopi osasefa. Anthu oposa 8,000 anafa. Moyandikana ndi Hamburg munali tauni ya Altona, yoyandikana koposa m'mene Kalomwe yayandikirana ndi Dedza. Altona inkatunga mumtsinje womwewo, ndiponso chakumunsi, kumene zonyansa za ku Hamburg zinali zitalowa kale. Koma inkasefa madzi ake mumchenga, ndipo odwala kumeneko anali ochepa kwambiri.

Chomaliza ndi klorini. Amamuthira madzi atayera kale, ndipo amamupatsa mphindi zosachepera 30 kuti aphe tizilombo totsala. Klorini pang'ono amatsalira dala m'madzimo, kuti apite nawo m'mapaipi ngati mlonda wa panjira.

Apa pali mfundo yofunika kuigwira. Klorini sagwira bwino ntchito m'madzi a matope. Tizilombo timabisala m'tinthu ta dothi, monga nkhuku ibisala m'udzu kabawi akamauluka. Ndiponso zinthu zoola zimene zili m'matopemo zimadya klorini asanafike pa tizilombo. Ndiye chifukwa chake bungwe la zaumoyo la dziko lonse, limene pa Chipwitikizi timati OMS, limalangiza kuti pothira klorini madzi akhale osapitirira NTU 1 ngati nkotheka.

Tsono ganizani za mwezi wa Januwale kapena Febuluwale. Mtsinje wafiira ndi dothi la m'minda. Woyeretsa madzi ayenera kuthira mankhwala ochuluka kuposa a m'chilimwe, ndipo mankhwalawo ndi ogula. Sefa imatsekeka msanga. Poitsuka amagwiritsa ntchito madzi oyera kale, amene akanapita ku mipopi. Matope akanyanya amazimitsa makina nkudikira kuti mtsinje uyere. Akapanda kuzimitsa, atulutsa madzi ophwanya lamulo. Akazimitsa, mipopi iuma, ndipo anthu a m'tauni athamangira ku zitsime zosatetezedwa. Nthawi imeneyi ndi yomwenso kolera imakonda. Sitinaiwale mliri umene unayamba ku Malawi mu Malichi 2022, nupha anthu oposa 1,700. Kuno ku Mozambique unayambira ku Niassa mu Sepitembala chaka chomwecho, nufika mpaka m'chigawo chathu cha Tete.

Dothi lofiiritsa mtsinjelo ndi chonde cha m'munda mwa mlimi. Mlimi wataya chonde, wa m'tauni walipira kuti achotse chondecho m'madzi. Palibe wapindula.

Zimene ETA singachotse

Matope amachoka, ngakhale movutikira. Tizilombo timafa ndi klorini. Koma pali zina zimene zimasungunuka m'madzi monga shuga asungunukira mu tiyi. Zimenezi zimadutsa mumchenga osagwidwa, ndipo klorini alibe nazo ntchito.

Nitrato ndi chimodzi. Tikathira feteleza wambiri m'dimba la m'mphepete mwa mtsinje, mbewu zimadya gawo lina. Wotsalayo amatsika ndi madzi, kulowa mumtsinje kapena pansi pa nthaka. Madzi a nitrato wambiri amaoneka oyera, sanunkha, ndipo wamkulu angamwe osamva kanthu. Woopsezedwa ndi khanda la miyezi yochepa, makamaka lomwa mkaka wosungunula ndi madzi oterewa. Magazi ake amalephera kunyamula mpweya bwino, ndipo milomo ndi zala zimada. Kuwiritsa sikuthandiza pamenepa. Madzi akamawira, nthunzi imachoka koma nitrato amatsala mumphika.

Nkhaniyi imakhudza ngakhale matauni amene satunga mumtsinje mwenimweni. Mzinda wa Tete wakhala ukudalira mijigo yokumbidwa m'chigwa cha Nhartanda ndi m'mbali mwa Revubwe. Mchenga wa pansi pa nthaka umasefa matope kwaulere, koma zosungunuka zija umazilola kudutsa.

Chachiwiri ndi mankhwala opopera mbewu. Kuno ku Angonia mbatata, matimati ndi kabichi zimapoperedwa kawirikawiri. Mlimi akamaliza kupopera watopa, mtsinje uli pafupi, ndipo nkosavuta kungotsukira mpope wake momwemo. Nyumba yoyeretsera madzi ya mtundu umene tafotokozawu sinamangidwe kuti ichotse mankhwala oterewa. Njira zowachotsera zilipo, koma ndi zodula, ndipo tauni yaing'ono singazikwanitse. Pa chinthu ichi woyeretsa madzi weniweni ndi mlimi mwini.

Machitidwe ake ndi awa. Botolo la mankhwala likatha, tithiremo madzi pang'ono, titseke, tikhutchumule, nkuthira madziwo mumpope wopopera. Titero katatu. Madzi otsukirawo tikawapopere m'munda momwemo. Botololo tiliboole kuti mwana asadzatungire madzi, ndipo tisalitaye m'khwawa. Mpope tiutsukire kumtunda, kutali ndi mtsinje ndi chitsime, ndi madzi otunga m'chidebe.

Munda, kasupe ndi chimbudzi

Mizere yotsetsereka ndi phiri ndi ngalande za matope. Mizere yopingasa, yotsata akalozera, imaimitsa madzi kuti alowe pansi. Udzu wa vetiva wobzalidwa pa akalozera umagwira dothi. Alangizi a zaulimi akhala akutiphunzitsa zimenezi chifukwa cha zokolola, ndipo tsopano taona kuti phindu lake limafika mpaka kumpopi.

M'mphepete mwa mtsinje bango, nsungwi, mikuyu ndi katope ndiwo sefa yoyamba. Khasu likafika pagombe penipeni, gombe limagumuka ndi mvula yoyamba. Ng'ombe nazo zikamamwera paliponse zimaponda gombe ndi kusiya ndowe m'madzi. Mudzi ungapangane malo amodzi omwetsera ziweto, kumunsi kwa potungira.

Chimbudzi chikhale chakumunsi kwa chitsime kapena mjigo, pa mtunda wosachepera mamita 30. Amenewo ndi mapazi ngati 40 a munthu wamkulu poyenda. Kuthengo kumaoneka ngati kutali ndi madzi m'mwezi wa Okutobala. Mvula yoyamba ikagwa, zonse za kuthengo zimatsikira m'khwawa tsiku limodzi.

Za kasupe boma linalembanso. Lamulo la malo la 1997 linaika mamita 100 ozungulira kasupe m'gulu la malo otetezedwa. Apa tinene zoona. Mamita 100 ndi malo aakulu kwa banja limene dimba lake lili pomwepo. Dimba ndilo limatipatsa ndiwo, sopo ndi makope a ana m'chilimwe. Kuuza munthu kuti asiye dimba kuti wa m'tauni amwe madzi oyera, osamuonetsa kumene adzadye, ndi mawu opepuka kwa wonena, olemera kwa womva.

Anzathu a ku Malawi anakumana nalo vuto limeneli. Mzinda wa Lilongwe umamwa madzi a mtsinje wa Lilongwe, umene umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, m'malire omwewa chakumpoto kwa ife. Mitengo itayamba kutha ndi makala, mu 2015 boma la Malawi linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo. Msilikali angateteze mtengo, koma sapatsa wootcha makala njira ina yopezera ufa. Kutali ku America, mzinda wa New York unayesa njira ina m'zaka za m'ma 1990. Madzi ake ambiri amachokera m'mapiri a Catskill, kumene kuli alimi a ng'ombe. Mzindawo unavomera kupereka ndalama zothandiza alimiwo kukonza makola, kusunga bwino ndowe ndi kutchinga mitsinje. Unaona kuti kutero kunali kotchipa kuposa kumanga nyumba yaikulu yosefera madzi. Ife tikuona kuti njira yachiwiriyi ndiyo yachilungamo. Pamsonkhano wa kwa anyakwawa kapena wa ku boma, amayi ndi abambo, tili ndi ufulu wofunsa kuti: ife tikasunga kasupe, akumunsi atithandiza ndi chiyani? Mbande za mitengo kodi, mjigo, kapena malo ena olimapo?

Kuchokera ku thanki kufika pakamwa

Madzi angatuluke ku ETA ali okwana miyeso yonse, nkuipa panjira. Paipi ikakhala yodzaza, madzi amakankhira kunja, ndipo pobooka pamangotuluka madzi. Koma madzi akasiya, paipi yopanda kanthu imayamwa za kunja kudzera pobooka pomwepo. Mu Julaye 2017, ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe, paipi ya zonyansa za m'zimbudzi inaphulika pafupi ndi paipi ya madzi yowonongeka. Zonyansazo zinalowa m'mipopi ya m'nyumba za anthu, ndipo nkhaniyo inafika kukhoti.

Choncho munthu woboola paipi usiku kuti abe madzi samangoba madzi okha. Amatsegulira matenda khomo lolowera kwa anansi ake onse. Tikaona paipi ikutayitsa madzi pamsewu ku Vila, tikanene ku ofesi ya madzi, ngakhale tili alendo. Ndipo abale athu okhala ndi mipopi adziwe kuti ndalama ya bilu ndiyo imagula mankhwala ndi kulipira magetsi a makina.

Tsopano tilembe pa bolodi mawu awiri a Chipwitikizi. Loyamba: cloro. Lachiwiri: cólera. Tiwerenge zilembo zake chimodzichimodzi. Cloro ndi klorini, mankhwala opha tizilombo. Cólera ndi kolera, matenda otsegula m'mimba. Pomva ndi khutu mawuwa amafanana. M'madera ena a dziko lathu kunafala mphekesera yoti azaumoyo othira cloro m'zitsime akuthira cólera. Mu 2009 ku Nampula anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera imeneyi. Ife amene tikuphunzira kuwerenga tingathe kutenga botolo, kuwerenga tokha, nkuwerengeranso anzathu. Kafungo ka klorini pampopi ndi chizindikiro choti mlonda uja wafika nawo madzi.

Malo omaliza ndi pakhomo. Chigubu chosatsuka, ndowa yosavundikira ndi kapu yoviikidwa pamodzi ndi zala zimabweza tizilombo m'madzi oyera. Madzi akumwa tisunge m'chotengera chotseka, cha kukamwa kwakung'ono, ndipo tizichita kutsanulira. Ife a kumudzi amene tilibe ETA tingatsate njira yomweija ya m'tauni. Madzi akuda tiwadikhitse, tiwasefe pa nsalu yoyera, kenaka tithire Certeza monga mwalembedwera pa botolo, nkudikira mphindi 30. Ngati Certeza palibe, tiwiritse mpaka abwadamuke.

Ntchito yochita

Sabata ino mvula ikagwa, gulu lililonse litenge mabotolo awiri oonekera mkati. Limodzi litungidwe m'khwawa lodutsa m'minda yolimidwa mpaka pagombe. Lina litungidwe m'khwawa lodutsa m'mitengo kapena m'udzu. Tilembe dzina la khwawa ndi tsiku pa pepala, timate pa botolo. Tiwaimike usiku wonse osawagwedeza. M'mawa tiyeze ndi kamtengo kutalika kwa matope a pansi, ndipo tibwere nawo mabotolowo ku phunziro lotsatira.

Mafunso

1. Kodi madzi a mvula yogwa mbali yathu ya malire amakathera mumtsinje uti?

2. Chifukwa chiyani ku ETA amathira klorini pomaliza, osati poyamba?

3. Mgolo umodzi umalowa malita 200. Chigubu chimodzi chimalowa malita 20. Kodi migolo 10 ingadzaze zigubu zingati?

4. Pitani ku chitsime kapena mjigo wa m'mudzi mwanu. Werengani mapazi kufika pa chimbudzi chapafupi. Lembani nambalayo, ndipo lembaninso ngati chimbudzicho chili kumtunda kapena kumunsi.

5. Kodi m'mudzi mwanu muli akasupe angati? Lembani maina awo, ndi zimene zabzalidwa pafupi ndi kasupe aliyense.